KUNENEPETSA MFULE YA KUCHIONETSERO CHA ZAULIMI

Chaka chilichonse alimi ena amapita ndi ng'ombe kuchionetsero nabwerako chimanjamanja, chonsecho anataya ndalama zambiri pogula madeya. Kawirikawiri cholakwika chimakhala chimodzi: mlimi amakumbukira ng'ombe yake kutatsala mwezi umodzi, ndiye amayamba kuithirira madeya osayeza. Ng'ombe sinenepa motero. Mnofu umabwera tsiku ndi tsiku, ndipo mlimi wofuna mphotho ayenera kuyamba ndi kuwerenga masiku.

WERENGANI MASIKU CHOBWERERA M'MBUYO

Funsani alangizi tsiku la chionetsero cha m'boma lanu. Tiyerekeze kuti ndi pa 30 Seputembala. Mfule imafuna masiku ngati 150 m'khola, choncho iyenera kulowa pa 3 Meyi. Nthawi imeneyi njabwino chifukwa mapesi ndi masangwi a mtedza amakhala akuyamba kupezeka, nsenjere nazo zikadali zaziwisi.

Ng'ombe zathu za Zebu ndi zamakaladi, zikamadya madeya ndi zotsalira za m'munda, zimaonjeza theka la kilogalamu kapena kupitirirapo pang'ono patsiku. Mfule yolowa ndi makilogalamu 300, ikamaonjeza magalamu 600 patsiku, idzakhala itaonjeza makilogalamu 90 pakutha kwa masiku 150, ndiye kuti idzafika 390. Mlimi woyamba kutatsala masiku 30 angapeze makilogalamu 18 okha. Kuthamanga sikufika.

KUSANKHA NG'OMBE

Sankhani mfule ya zaka ziwiri kapena zitatu. Yang'anani m'kamwa: ikhale ndi mano aakulu awiri kapena anayi kutsogolo. Ikhale ya msana wautali ndi wowongoka, chifuwa chotakata, miyendo yolimba, maso owala ndi mphuno yonyowa. Ng'ombe yokalamba imene yatopa ndi ngolo imadya zambiri koma mnofu wake ndi wochepa. Yolusa nayonso isiyeni, pakuti kuchionetsero idzafunika kuyenda pakati pa anthu.

Isanalowe m'khola, itanani alangizi a ziweto aimwetse mankhwala a nyongolotsi ndi kuipopera mankhwala a nkhupakupa. Kudyetsa ng'ombe ya nyongolotsi ndi kudyetsa nyongolotsizo. Nkhupakupa nazo zimabweretsa chigodola, chimene chingaphe ng'ombe mutataya kale ndalama zanu.

KHOLA

Khola likhale lofoleredwa, lopita mphepo, ndipo pansi pakhale pouma. Modyera ndi momwera mukhale kunja kwa mipanda kuti ng'ombe isapondemo. Yalani udzu wouma kapena mapesi otsala pogona pake. Ngati malo si anu, yambani mwagwirizana ndi eni ake za malo omangapo khola ndi za mapesi amene mudzatute, kuti pasadzakhale mkangano ng'ombe ili kale m'khola. Feteleza ndi mankhwala a fodya zisakhale pafupi. Feteleza wa Urea, ng'ombe ikamunyambita wambiri, imafa tsiku lomwelo.

MASABATA ATATU OYAMBA

Apa ndi pamene alimi ambiri amalakwira. M'chifu cha ng'ombe muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timagaya udzu. Tizilomboti timafuna nthawi kuti tizolowere madeya. Madeya akachuluka mwadzidzidzi amasasa m'chifumo. Ng'ombe imatsekula m'mimba, imaleka kudya, nthawi zina mimba imatupa kumanzere kapena mapazi amatentha nkuyamba kutsimphina. Ng'ombe yotere imabwerera m'mbuyo masabata awiri kapena atatu, ndipo ina siichira.

Choncho yambani ndi kilogalamu imodzi ya madeya patsiku. Pakapita masiku atatu aliwonse onjezani theka la kilogalamu. Pakutha masabata atatu mudzakhala mutafika makilogalamu anayi ndi theka. M'miyezi iwiri yomaliza mungathe kufika asanu ngati ng'ombe ikumaliza bwino. Yezani pasikelo kamodzi, ikani chizindikiro pachitini, ndipo muzigwiritsa ntchito chitini chomwecho masiku onse.

CHAKUDYA CHA TSIKU NDI TSIKU

Mfule ya makilogalamu 300 imadya chakudya chouma chokwana makilogalamu 7 kapena 8 patsiku, kuphatikiza madeya ndi udzu. Chakudyacho chikhale motere:

Madeya: ndiwo amapatsa mphamvu ndi mafuta. Agaweni pawiri, m'mawa ndi madzulo, nthawi yake osasintha. Pa masiku 150 konzekerani makilogalamu 650 mpaka 700. Aumitseni bwino musanasunge. Madeya a nkhungu ali ndi chuku, chimene chimaononga chiwindi.

Udzu ndi mapesi: zisasowe m'modyera usana ndi usiku. Duladulani mapesi ndi nsenjere kuti zisatayike. Perekani udzu poyamba, madeya pambuyo.

Masangwi a mtedza ndi masamba a nandolo kapena lukina: izi ndizo zimamanga mnofu. Madeya ndi mapesi okha sizikwana. Tutani masangwi msanga masamba asanayoyoke ndipo asungeni pathandala lofoleredwa. Lukina asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse, chifukwa akachuluka ng'ombe imatuluka dovu ndi kuthothoka ubweya.

Mchere ndi laimu: sakanizani masipuni aakulu awiri a mchere m'madeya a tsiku limodzi. Mfule zodya madeya ambiri zimatha kuchita timiyala m'chikhodzodzo nkumalephera kukodza. Mchere umathandiza kuti izimwa madzi ambiri, ndipo laimu wa ziweto amapereka mchere wa mafupa umene m'madeya ndi wochepa. Alangizi akuuzani muyeso wake. Musagwiritse ntchito laimu womangira nyumba.

Madzi: malita 30 mpaka 40 patsiku, ndipo kukayamba kutentha mu Seputembala imafuna oposa apa. Ng'ombe yaludzu siidya.

KUYEZA NDI KULEMBA

Maso amanyenga, makamaka a mwini ng'ombe amene amaiona tsiku lililonse. Yezani masabata awiri aliwonse, m'mawa isanadye ndi kumwa. Ngati sikelo palibe, alangizi ali ndi tepi yoyezera ng'ombe imene amazunguliza pachifuwa, kuseri kwa miyendo yakutsogolo. Ng'ombe iime pamalo osalala, mutu uli chowongoka. Lembani m'kabuku tsiku, kulemera kwake ndi madeya amene yadya.

Pa chitsanzo chathu chija, iyenera kuonjeza makilogalamu 8 pa masabata awiri aliwonse. Ikaonjeza ochepa kawiri motsatizana, musathamangire kuonjeza madeya. Yambani mwayang'ana madzi, nkhupakupa, fungo la madeya ndi kuchuluka kwa masangwi. Yang'ananinso ndowe. Ndowe zabwino zimaunjikana mofewa. Zamadzimadzi, zotuwa ndi zonunkha mosasa zikusonyeza kuti madeya achuluka: chepetsani ndi theka, onjezani udzu, ndipo mubwererenso pang'onopang'ono. Ng'ombe yabwino ikagona imabzikula. Ikaleka kubzikula ndi kudya tsiku lathunthu, itanani alangizi a ziweto.

Nthawi zina ng'ombe imanenepa msanga tsiku lisanafike. Papasani nthiti ndi patsinde pa mchira. Nthiti zisaoneke ndi maso koma zimveke mukasindikiza ndi dzanja. Ngati sizikumveka konse ndipo patsinde pa mchira pali nthuli za mafuta, yanenepa mopitirira. Oweruza amafuna mnofu wokutidwa ndi mafuta pang'ono, osati mafuta okhaokha, ndipo mafuta amadya madeya ambiri kuposa mnofu. Chepetsani madeya ndi kilogalamu imodzi, onjezani udzu. Musaimane chakudya kapena madzi.

MWEZI WOMALIZA

Musasinthe chakudya m'mwezi umenewu. Ngakhale mnzanu atakuuzani za chakudya china chonenepetsa msanga, nthawi yoyesa zatsopano yatha.

Phunzitsani ng'ombe kuyenda pachingwe ndi kuima chilili, mphindi 15 m'mawa kapena madzulo kukazizira. Ndi bwino kuyamba zimenezi kale, miyezi iwiri isanakwane. Izolowere kugwidwa ndi anthu achilendo, pakuti oweruza adzaipapasa. Ipeseni ubweya tsiku ndi tsiku ndipo muisambitse kutatsala masiku awiri.

Katengeni chiphaso choyendetsera ng'ombe ku ofesi ya za ziweto nthawi ikadalipo. Kukabuka matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, boma limaletsa kuyendetsa ziweto, choncho funsani msanga. Ngati mudzaigulitsa kwa opha nyama chionetsero chikatha, uzani alangizi asanaibaye mankhwala aliwonse, chifukwa mankhwala ali ndi masiku ake oyembekezera nyama isanadyedwe.

Paulendo ng'ombe imataya makilogalamu angapo chifukwa cha ndowe, mkodzo ndi mantha. Nyamukani m'mamawa dzuwa lisanatenthe, ndipo m'mawa umenewo ipatseni udzu ndi theka chabe la madeya. Tengani madeya, udzu ndi ndowa za kwanu. Mukafika imwetseni, ipumule pamthunzi, kenaka idye monga mwa masiku onse.

PHINDU LAKE

Mphotho imapita kwa mlimi mmodzi kapena awiri, koma aliyense wodyetsa bwino amabwerako ndi kanthu. Ng'ombe yonona imagulidwa pamtengo wabwino, ndipo manyowa a m'khola amapita kumunda wa chimanga ndi kudimba. Kabuku kanu kadzakuuzani ndalama zimene mwalowetsa, kuti wogula asakunyengeni pamtengo.

Tutani mapesi ndi masangwi moto usanalowe m'munda, ndipo kaonaneni ndi alangizi a m'dera lanu sabata lino kuti muwerengere limodzi masiku.