Tidachedwa katatu usiku umenewo

Mwana wanga wamkazi, yemwe akuphunzira unamwino ndi uzamba, adabwera kunyumba ku Chileka patchuthi nkhope ili yakugwa. Pepala limene adafotokozapo za kafukufuku amene akufuna kuchita asadamalize maphunziro lidabwezedwa, ndipo mphunzitsi wake adalembapo funso limodzi ndi bolopeni yofiira: theoretical framework ili kuti?

"Bambo, ine ndikungofuna kudziwa chifukwa chimene amayi amachedwera kufika kuchipatala matenda akayamba. Nanga zoti ndiyambe ndabwereka maganizo a anthu akunja zikubwera pati?" adadandaula motero.

Ine ndidaphunzitsa kupulaimale zaka zambiri, koma mawu amenewa ndidali ndisadawamvepo. Tidakhala pakhonde, iye akuwerenga mabuku ake, ine ndikufunsa, mpaka ndidamvetsa kuti chimene amanenacho chili ngati chikombole. Dothi ndi nkhani zimene wofufuza amamva kwa anthu, ndipo chikombole ndi mndandanda wa mafunso amene ena adawayesa kale, umene umathandiza kuti nkhanizo zisangokhala mulu.

Phunziro lililonse lili ndi zikombole zake. Oteteza makompyuta amafunsa zinthu zitatu pa chilichonse chosungidwa: kodi chikuonedwa ndi oyenera okha, kodi palibe amene wachisintha mwachinyengo, nanga mwiniwake akuchipeza nthawi imene akuchifuna? Amene amasunga ndalama pafoni amazidziwa zonsezi. Wina akadziwa nambala yanu yachinsinsi, choyamba chalephereka, ndipo netiweki ikasowa muli pamzere wogula feteleza, chachitatu chalephereka.

Akatswiri a kaganizidwe ka munthu nawo ali ndi chawo chotchedwa Health Belief Model. Chidayamba m'zaka za m'ma 1950 ku America, pomwe ankafufuza chifukwa chimene anthu sankabwerera kudzajambulidwa pachifuwa kuti aone ngati ali ndi TB, chikhalirecho zidali zaulere. Chimafunsa ngati munthu akuona kuti matendawo angamugwire, ngati akuwaopa, phindu limene akuyembekeza komanso zimene zikumutsekereza.

Koma chimene chidandikhazika chete n'chimene mwana wanga adasankha. Mu 1994, Sereen Thaddeus ndi Deborah Maine a ku Columbia University ku New York adafotokoza kuti mayi akamwalira pobereka, nthawi zambiri pamakhala kuchedwa kwa mitundu itatu. Koyamba ndi kuchedwa kugwirizana zopita kuchipatala, kachiwiri ndi kuchedwa panjira, ndipo kachitatu ndi kuchedwa kulandira thandizo loyenera atafika kale.

Mwanayu akuwerenga zimenezi, ine maganizo adali atabwerera ku 1998, kumudzi kwathu chakumtunda kwa Lirangwe, chaka chimene tidataya mlongo wanga ali ndi pathupi pachinayi.

Matenda adamuyamba madzulo. Pofika pakati pausiku mwana sadabadwe, ndipo amayi achikulire adayamba kunena za mapinga, akuti mwina mlamu wanga adayenda njira zosayenera. Adamupanikiza kuti aulule, uku wodwala akumumwetsa mwanamphepo. Mzamba atanena kuti zamukanika, panalibe wolimba mtima kulamula ulendo chifukwa mwinimbumba padalibe. Mwinimbumbayo ndidali ine, ndipo ndidali kusukulu kwanga ku Chileka. Mafoni kudalibe, choncho adatuma mnyamata panjinga kudzanditenga. Ndidafika dzuwa litakwera. Kumeneko kudali kuchedwa koyamba.

Tidamunyamula pangolo mpaka pamsewu waukulu wa M1, mvula itagwa, ng'ombe zikuterereka m'matope. Kumeneko kudali kwachiwiri. Pachipatala chaching'ono chimene tidafikira, namwino adayesetsa koma adati pakufunika opaleshoni ndi magazi, zimene zimapezeka kuchipatala chachikulu m'tauni, mtunda woposa makilomita 30. Tidadikira galimoto mpaka masana. Kumeneko kudali kwachitatu. Mlongo wanga adatsirizika tisadafike pa Lunzu.

Kwa zaka zoposa 20, banja lathu lidali ndi yankho limodzi lokha: mlamu ndiye adamupha. Bamboyo adachoka pamudzi mwamanyazi, ana n'kutsala ndi agogo awo. Palibe amene adafunsapo za ngolo, za galimoto, kapena za ine amene ndinkadikiridwa. Mafunso atatu a m'buku la mwana wanga ndiwo adandionetsa kuti pa maola amene tidataya, ambiri adatayika poyembekeza mawu anga.

Mlongo wanga sadali yekha. Kafukufuku wa boma wa Malawi Demographic and Health Survey wa mu 2000 adapeza kuti amayi 1,120 ankamwalira pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo. Chiwerengerochi chidatsika kufika pa 984 mu 2004, pa 675 mu 2010 ndi pa 439 mu 2015-16. Mu 2007 boma lidaletsa azamba a m'midzi kubereketsa, ndipo mu 2012 Joyce Banda ali mtsogoleri wa dziko adakhazikitsa ndondomeko ya uchembere wabwino imene idadalira mafumu ndi nyumba zodikiriramo amayi oyembekezera pafupi ndi zipatala.

Apa mpomwe chikombole chimathandiza ngakhale ife amene sitili pasukulu. Mafumu ena amalipiritsa mbuzi kapena nkhuku mayi akaberekera pakhomo. Lamulo limeneli limalimbana ndi kuchedwa koyamba kokha. Silikonza mlatho wokokoloka, siligula mafuta a ambulansi, komanso siliwonjezera anamwino. Nyumba zodikiriramo zimachepetsa kuchedwa kwachiwiri. Kwachitatu kuli m'manja mwa boma, ndipo tisaiwale kuti boma la Blantyre lilibe chipatala chakechake cha boma ngati mmene zilili ku Chiradzulu kapena ku Thyolo, kotero odwala ovutikitsitsa ambiri amathamangira nawo ku Queen Elizabeth Central Hospital. Eni chikombolechi adanenanso kuti kuchedwa kutatuku kumakokana: mayi amene adamvapo kuti mnzake adagona pabenchi osathandizidwa, amazengereza kunyamuka pakhomo.

Komabe mwana wanga sadalakwe kukayikira. Chikombolechi sichitchula mapinga, mwanamphepo kapena mwinimbumba. Sichinena kuti kuno kwathu mwamuna wachikamwini amaopa kulamula za mkazi wake popanda malume kapena mlongo wa mkaziyo. Wophunzira amene angokopera mafunso a m'buku n'kupita nawo ku Lirangwe adzabwerako atalemba kuti amayi sadziwa ubwino wa chipatala, pomwe mayiyo akudziwa bwino lomwe koma akudikira chilolezo. Ntchito ya ophunzira athu ndi kuthira dothi lakwathu m'chikombolemo, ndi kunena mosaopa pamene sichikukwanira.

Mwanayu adabwerera kusukulu atawonjezera mafunso ake: kodi ndani adalamula ulendo, adali kuti, nanga ndalama ya kabaza idali m'manja mwa yani?

Inenso ndidachitapo zanga. Ndidaitanitsa mbumba yonse kumudzi ndi kunena pamaso pa akamwini kuti mayi aliyense matenda akamuyamba, anyamuke nthawi yomweyo, ine andiuze ali kale panjira. Kenaka ndidafufuza kumene mlamu wanga uja akukhala masiku ano. Ndidamupeza atakalamba, ndipo ndidamufotokozera za usiku uja ola ndi ola monga ndafotokozera pano. Adamvetsera mpaka kumapeto osandidula mawu, kenaka adafunsa ngati angabwere kudzaona ana ake. Akubwera mwezi wamawa.