Sekoto: Adasunga kwawo m'zithunzi ndi m'nyimbo

Akuluakulu adati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Koma Gerard Sekoto, katswiri wojambula zithunzi pamanja wa ku South Africa, adakhala kunja zaka zoposa 45 mpaka imfa idamupeza asadapondenso kwawo.

M'masiku ake omaliza, mkuluyu ankakhala kunyumba yosungirako anthu aluso okalamba ku Nogent-sur-Marne, kufupi ndi mzinda wa Paris m'dziko la France. Akacheuka kuona kumene adachokera, chuma chake chidali zithunzi ndi nyimbo basi. Madera amene adawajambula ali mnyamata adali atagumulidwa kalekale.

Sekoto adabadwa m'chaka cha 1913 pa mishoni ya Botshabelo, kufupi ndi Middelburg. Pakhomo pa makolo ake padali limba, ndipo mwanayo adaphunzira kuliza adakali wamng'ono. Atakula adayamba ntchito yauphunzitsi, koma mtima wake udali pa zojambula.

M'chaka cha 1938 adapata mphoto yachiwiri pampikisano wojambula. Apa adasiya choko n'kulowera ku Johannesburg, komwe adakakhala ku Sophiatown, dera limene anthu amitundu yosiyanasiyana ankakhalira limodzi.

Kumeneko sadavutike kufunafuna choti ajambule. Amayi ochapa zovala, ana osewera mumsewu ndi abambo obwera kuntchito atatopa, onsewa adalowa m'zithunzi zake. Mu 1940 nyumba yosungira zojambula ya Johannesburg Art Gallery idagula chithunzi chake cha nyumba zachikasu za ku Sophiatown, kukhala koyamba kugula ntchito ya munthu wakuda.

Mu 1942 adasamukira ku District Six mumzinda wa Cape Town, ndipo mu 1945 adapita ku Eastwood, ku Pretoria. Nthawi imeneyi ndiyo adajambula chithunzi chotchuka cha Song of the Pick. Chimaonetsa mzere wa amuna akuda atakweza mapiki m'mwamba nthawi imodzi, kapitawo wachizungu ataima poteropo, manja ali m'thumba. Agogo amene adakagwirapo ntchito ku Joni sangafune wowamasulira chithunzichi.

Mu 1947 Sekoto adanyamuka kupita ku Paris kukakulitsa luso lake. Chaka chotsatira boma la tsankho lidalowa m'dziko lake, ndipo iye sadabwererenso.

Ku Paris zinthu sizidayende monga ankaganizira. Zithunzi sizinkagulidwa msanga, ndipo chimene chidamupulumutsa ku njala ndi limba la pakhomo lija. Adapeza ganyu yoimba piyano pamalo achisangalalo otchedwa L'Echelle de Jacob. Usiku ankaimba, masana n'kumajambula.

Posakhalitsa adayamba kupeka nyimbo zakezake. Zonse pamodzi zidakwana 29, ndipo zambiri zimakamba za kusungulumwa kwa munthu wokhala kudziko la eni. Zina mwa izo zidasindikizidwa ku France pakati pa 1956 ndi 1960.

Dzanja lake lidagwiranso ntchito pankhondo yomenyera ufulu wa anthu akuda. Chithunzi cholengezera msonkhano wachiwiri wa alembi ndi aluso akuda, umene udachitikira ku Rome mu 1959, adajambula ndi iye.

Pamene zonsezi zinkachitika, kwawo kudali misozi. Kuyambira mu 1955 boma lidasamutsa anthu a ku Sophiatown mokakamiza n'kugwetsa nyumba zawo. Mu 1966 District Six idalengezedwa kukhala dera la azungu okha, ndipo nayo idagumulidwa. Sekoto adapitiriza kujambula anthu akwawo kuchokera m'mutu, ali pamtunda wautali chotere.

Ulemu udabwera mochedwa. Mu 1989 Johannesburg Art Gallery idachititsa chionetsero chachikulu cha ntchito za moyo wake wonse, ndipo yunivesite ya Witwatersrand idamupatsa digiri yaulemu. Mwini wake sadapite. Adamwalira pa 20 March 1993, kutatsala chaka chimodzi kuti dziko lake lichite chisankho choyamba cha anthu onse.

Nyimbo zake zidakhala zili duu pamapepala mpaka oimba a ku South Africa adazijambula pachimbale iye atamwalira kale. Lero mwana wofuna kudziwa mmene misewu ya Sophiatown wakale inkaonekera amakayang'ana zithunzi za mphunzitsi uja adasiya choko.