Antena ili pansi, mwana ali ndi malungo

Mwezi wa Januwale nditafika kwa azakhali anga, m'mudzi wina wa kufupi ndi Dómuè, ndinapeza antena ya kanema ili kuseri kwa nkhokwe, itagona m'matope pamodzi ndi nsungwi yake. Ndinayesa kuti yagwa ndi mphepo, koma anachita kuitsitsa. Mdzukulu wawo wa zaka 6 anali atatha masiku atatu akutentha thupi ndi kudandaula mutu, ndipo oyandikana nawo anali atawauza kuti zonsezi n'chifukwa cha dijito. Akuti mafunde a masiku ano ndi aukali, antena imawakokera m'nyumba, ndipo amayamba kulowa m'mutu mwa ana.

"Nanga titani, mwanawe? Aliyense akunena zomwezo," anatero azakhali.

Tsiku lachinayi tinapita naye kuchipatala. Anamubaya pachala, ndipo pasanathe theka la ola zotsatira zinatuluka: malungo. Analandira mankhwala n'kuchira. Koma masiku atatu aja akundiwawabe mumtima, chifukwa malungo a mwana sadikira kuti akuluakulu amalize kukambirana za nsungwi ili padenga.

Mphekesera imeneyi ili ndi pomwe inamera. Mu 2006 mayiko anagwirizana ku Geneva kuti pofika pa 17 Juni 2015 akhale atasiya kuulutsa kanema m'njira yakale ya analogi, ndipo mu 2010 mayiko a SADC anasankha njira yotchedwa DVB-T2. Mozambique inachedwa. Ntchito yake inagwiridwa ndi kampani ya ku China ya StarTimes ndi ngongole ya madola 156 miliyoni yochokera ku Exim Bank ya dziko lomwelo, milongoti yokwana 60 inakonzedwa, ndipo Pulezidenti wa nthawiyo, Filipe Nyusi, anakhazikitsa ntchitoyi ku Beira mu Okutobala 2020. Kampani ya TMT ndi imene imanyamula mawu ndi zithunzi za TVM ndi nyumba zina zoulutsa kanema n'kuzimwaza. Analogi inayamba kuzimitsidwa mu Seputembala 2021. Anthu anauzidwa kuti agule dikoda, ndipo amene anakwanitsa anagula. Chimene ambiri sanauzidwe n'chakuti kanema watsopanoyu akamavuta, amavuta mosiyana kwambiri ndi wakale uja.

Kale, mlongoti ukakhala kutali, chithunzi chinkadzaza timadontho tonga mpunga, osewera mpira ankaoneka awiriawiri, koma munthu ankatha kutsatira masewero mpaka kumapeto. Lero chithunzi chimakhala chowala ngati pagalasi, kenaka mwadzidzidzi chimagawika timabokosi, nkhope ya wowerenga nkhani imauma pakamwa pali yasa, mawu amaduka, ndipo pamatsala mdima. Munthu amene sanafotokozeredwe amaona ngati pali chinthu champhamvu chimene chikubwera ndi kuchoka. Ndiye mphamvu imeneyo akaiphatikiza ndi mutu wa mwana, nkhani yatha.

Chimene chimachitika m'kabokosi ka dikoda kaja n'chokoma kuchimvetsa, ndipo ndikufuna ndichedwepo. Tiyerekeze kuti mayi atuma mwana kumsika wa ku Ulónguè ndi kapepala: tomato 20, mchere 15, sopo 45, zonse pamodzi 80. Panjira dontho la mvula lafufuta mtengo wa sopo. Wogulitsa savutika, amangochotsa 20 ndi 15 pa 80 n'kupeza 45. Uthenga wafika wathunthu ngakhale pepala linaonongeka. Koma madontho akafufuta mitengo iwiri, nambala ya pansi ija sithandizanso. Palibe zoti uthenga wafika theka. Wogulitsa angobweza mwanayo.

Dijito imayenda choncho. Chithunzi chimasandutsidwa manambala, ndipo mlongoti umatumiza manambalawo pamodzi ndi ena owonjezera omwe ntchito yawo ndi yofanana ndi ya 80 uja. Dikoda imalandira uthenga wobooka apa ndi apo, n'kumadzaza mabowo powerengetsa, mofulumira kwambiri moti woonera sadziwa n'komwe kuti panali vuto. Siginolo ikhoza kumafooka pang'onopang'ono kwa miyezi, dikoda n'kumakonzabe, chithunzi n'kumaoneka bwinobwino. Tsiku limene mabowo achuluka kuposa manambala okonzera, zonse zimagwa nthawi imodzi. Akatswiri amaziyerekeza ndi munthu woyenda m'mphepete mwa phompho: ali pamtunda sakuona vuto, phazi limodzi lokha wapita. Nyumba zambiri za kuno zimakhala m'mphepete momwemo osadziwa, ndipo kamphepo kogwedeza nsungwi n'kokwanira kuzikankha.

Pali chinanso chimene anachikonza mwanzeru, chomwe chimatikhudza ife okhala pakati pa mapiri. Mukafuula pafupi ndi thanthwe, mawu amabwerera. Mafunde a kanema nawonso amagunda phiri la Dómuè, kapena denga la malata la sukulu, n'kufika pa antena mochedwa pang'ono kuposa amene abwera molunjika. M'nthawi ya analogi, ochedwawo ndi amene ankapanga mzukwa wachiwiri pambali pa wosewera. DVB-T2 simatumiza uthenga wonse panjira imodzi mothamanga. Imaugawa m'tinjira tambirimbiri, topitirira 27,000 ikatcheredwa pamlingo waukulu, tonse tili m'kampata ka mamegahetsi 8, ndipo kanjira kalikonse kamayenda modekha. Zili ngati kusamutsa mbatatesi ya m'munda wonse pa njinga masauzande m'malo mwa lole imodzi: njinga zingapo zikagwa mumtsinje, katundu wambiri amafikabe, ndipo manambala okonzera aja amabwezeretsa wotayikayo. Kuwonjezera apo, pakati pa chidutswa chimodzi cha uthenga ndi chinzake amasiyapo kampata, monga mmene munthu woitana mnzake kutsidya la chigwa amapumira kuti mawu obwerera ayambe atha. Mafunde ochedwa akafika mkati mwa kampatako sasokoneza kanthu. N'chifukwa chake m'madera ena obisika kuseri kwa chitunda, antena yoloza kuphiri limene likubweza mafunde imagwira bwino kuposa yoloza kumene kuli mlongoti.

Tsopano za matenda. Antena ya padenga situlutsa kalikonse. Ndi zitsulo zopanda moto, zodulidwa mogwirizana ndi kutalika kwa mafunde a UHF, omwe pakati pa mamegahetsi 470 ndi 694 amatalika masentimita 64 mpaka 43. Mafundewo alipo kale pabwalo, m'munda, m'tchalitchi ndi m'chipinda chogona, kaya padenga pali antena kaya palibe. Kuitsitsa sikuchotsa fundeli ngakhale limodzi m'nyumba, kumangochotsa chithunzi. Zoti imakoka mafunde ngati mmene maginito amakokera misomali n'zabodza, ndipo amene amanena zimenezi sanaimepo n'kufunsa kuti nanga wailesi imene yakhala pawindo zaka zonsezi, ndi ndodo yake yotalika, inadwalitsa ndani.

Mphamvu yochokera pamlongoti imatha msanga ikamayenda. Mtunda ukawirikiza kawiri, imatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Ukawirikiza ka 10, imatsala gawo limodzi mwa 100. Ikamafika pamudzi wa makilomita ambiri imakhala yochepetsetsa, n'chifukwa chake timavutika kukweza nsungwi kuti tiipeze. Chinthu chimene chikulephera kudzaza waya woonda, chingatenthetse bwanji thupi la mwana? Ndiponso mlongoti wa dijito umafuna mphamvu yocheperapo kuposa wa analogi kuti ufike dera lomwelo. Kuwala kwa chithunzi kumachokera ku masamu aja, osati ku ukali wa mafunde.

Mtundu wa mafundewo ndi wofunikanso. Amene amatha kuononga maselo a thupi mwachindunji ndi monga a X-ray ndi mbali ina ya cheza cha dzuwa. Kachigawo kamodzi ka kuwala kumene timaona ndi maso kali ndi mphamvu yoposa ka funde la kanema pafupifupi ka 1 miliyoni, koma palibe amene amathawa nyali. Bungwe la WHO linanena mu 2006 kuti palibe umboni wokhutiritsa woti mafunde ofooka ochokera pa milongoti amadwalitsa anthu. Ndikudziwa kuti wina atulutsa nkhani ya mu 2011, pamene bungwe lofufuza za khansa la IARC linaika mafunde a wailesi m'gulu la zinthu zimene mwina zingayambitse khansa. Nkhawa imeneyo inachokera makamaka pa foni yogunditsa kukhutu kwa nthawi yaitali, osati mlongoti wa pamwamba pa phiri. Amisiri okwera pamlongoti penipenipo ndi amene amasamala, ndipo ali ndi malamulo awo. Chimene chimandipweteka n'chakuti uthenga woopseza za antena umafika kwa azakhali kudzera pa foni yomweyo, wina atautumiza pa WhatsApp osauwerenga kawiri, ndipo wolipira mtengo wake ndi mwana amene wagona pamphasa.

Azakhali anali ndi umboni wawo: kanema amazima mvula ikagwa, ndipo mwana anadwala nthawi ya mvula. Zonse ziwiri n'zoona, koma chimodzi sichibala chinzake. Dzinja limabweretsa udzudzu. Kumbali ya kanema, anthu amasokoneza antena ndi dishi. Dishi imalandira mafunde a setilaiti aafupi kwambiri, a masentimita osakwana atatu, omwe madontho a mvula amawatchingadi. Mafunde a UHF amadutsa mumvula osataya mphamvu yodziwika. Antena ikamazima mvula ikagwa, vuto lili pakhomo pomwepo. Madzi alowa polumikizira chingwe ndi antena n'kutsetsereka mkati. Bulugamu amene anali wamfupi chaka chogula dikoda wakula, ndipo masamba ake onyowa akumeza siginolo. Nsungwi yapendekeka. Chingwe chenichenicho, ngakhale chabwino, chikafika mamita 15 mpaka 20 chimatha kudya theka la zimene antena yatola, nanji chotchipa cholumikizidwa katatu ndi pulasitiki wa shuga.

Dziko lathu la mapirili limapatsa ena mwayi n'kumana ena. Mafunde amenewa amakonda njira yoongoka, ndiye nyumba ya pamtunda imatha kugwira mlongoti wakutali pamene ya m'dambo, yapafupi kwambiri, ikungoona mdima. Mafundewa sadziwanso malire a Calómuè. Malawi naye amagwiritsa ntchito DVB-T2, kudzera ku kampani ya MDBNL ndi dikoda yake ya Kiliye Kiliye, ndipo m'midzi ya m'malire, momwe metikali ndi kwacha zimayendera m'thumba limodzi, si zachilendo kuona antena zoloza mbali zosiyana pamadenga oyandikana. Antena imodzi singayang'ane kuwiri. Matchanelo otsekedwa amafuna dikoda ya eni ake, ndiye amene wagula kabokosi ku Dedza kapena ku Lizulu asadabwe ngati sakupeza zonse zimene mnzake akuonera.

Ngati antena ili ndi ngozi, ngozi yake si imene anthu akuinena. Ndi mphenzi, imene imatha kutsata chingwe kuchokera pachitsulo chotalika kuposa denga mpaka pabalaza. Kukayamba kugunda, chingwe chizulidwe kudikoda mvula isanafike. Ndi mawaya a magetsi, amene paipi kapena nsungwi yonyowa ikangowakhudza, woigwirayo sapulumuka. Ndiponso ndi malata oterera, omwe anyamata amakwerapo opanda nsapato pakati pa masewero a mpira. Izi sindinamvepo wina akuzitumiza pafoni.

Poloza antena, musadalire chithunzi, pakuti chimaoneka bwino mpaka pamphepete penipeni pa phompho. Madikoda ambiri ali ndi tsamba loonetsa mizere iwiri, wa mphamvu ndi wa ubwino wa siginolo. Wachiwiriwo ndi umene muyenera kuuyang'ana wina akamatembenuza nsungwi pang'onopang'ono. Ndipo mwana akatentha thupi, apite kukayezetsa tsiku lomwelo.

Ndisananyamuke, ine ndi msuweni wanga tinatola antena ija n'kuipukuta. Titadula kumapeto kwa chingwe, munatuluka madzi, ndipo waya wa mkuwa unali utasanduka wobiriwira pafupifupi utali wa dzanja. Tinadula mpaka pomwe panali powala, tinalumikizanso, tinakulunga ndi mphira wa chubu cha njinga, n'kusuntha nsungwi kuti ichoke kuseri kwa bulugamu. Azakhali anaima pakhomo akutiyang'ana, osanena kanthu. Madzulo amenewo mvula inagwa kwa maola awiri yopanda ziphaliwali, nkhani za TVM zinatha osaduka, ndipo mdzukulu uja anaonera ali pamiyendo pawo, atamwa kale mankhwala ake a usiku.