Ku Livingstonia nyumba imagonjera phiri

Tikagula puloti, ambirife timayamba ndi nkhwangwa. Mitengo yonse pansi, kenako kusalaza malo, kuotcha uvuni wa njerwa, n'kumaliza ndi mpanda wautali. Ati chitukuko chimenecho. Koma ku Livingstonia, m'boma la Rumphi, phiri silikulola zimenezo. Ukalidula mosasamala, mvula ikabwera dothi limatsetsereka, maziko n'kutsala pamtunda.

Kungofikako ndi nkhani kale. Msewu wa Gorodi, wochokera pa Chitimba, umakhota modzidzimutsa maulendo pafupifupi 20 usanafike pamwamba. Tangoganizani lole ya simenti ikukwera mmenemo, ndi ndalama zomwe mwini wake angakutchuleni.

A mishoni anasamukira kuno ku Khondowe mu 1894, pothawa malungo a kunyanja. Nyumba yomwe Dr Robert Laws ankakhala, yotchedwa Stone House, inamangidwa ndi miyala mu 1903, ndipo patha zaka zoposa 120 ili chiimire. Mwala sufuna penti, komanso chiswe sichiyerekeza.

Zosangalatsa kwambiri zili cha kumunsi, m'mphepete mwa phompho. Pa Lukwe, pafupi ndi mathithi a Manchewe, timanyumba ta matabwa ndi udzu tinakhazikidwa pamizati, pakati pa mitengo. Nzeru yake ndi yapafupi: m'malo mokumba chitunda kuti chifanane ndi pulani, amatalikitsa mizati mbali yotsika. Mizu imatsala ikugwira dothi, madzi amadutsa kunsi, ndipo khonde limayang'ana kuchigwa. Pa Mushroom Farm pali nyumba youmbidwa ndi dothi losakaniza mchenga ndi udzu. Khoma lotere likakhala lochindikala limasunga kutentha kwa masana n'kumakutulutsa usiku, zomwe n'zofunika kumalo kozizira ngati kuno mu June ndi July. Malo onse awiriwa ali ndi zimbudzi zosagwiritsa ntchito madzi, zomwe zimapanga manyowa.

Inde, awa ndi malo ogona alendo, ndipo wina anganene kuti n'zoseweretsa azungu. Komatu agogo athu ankamanga ndi dothi ndi udzu womwewo, ife n'kumati ndi umphawi. Lero mlendo akulipira kuti agonemo.

Boma nalo linalowererapo. Kuyambira mu 2018, malamulo amaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomangamanga za boma ndi zamalonda, pofuna kupulumutsa nkhalango.

Tisanamizane, dothi lili ndi mavuto ake. Limadana ndi madzi, choncho pamafunika maziko amiyala okwera bwino ndi denga lotuluka kwambiri kuti mvula isamenye khoma. Udzu umafuna kufoleranso pakapita zaka, umaopa moto, ndipo mizati yamatabwa osathira mankhwala ndi ndiwo ya chiswe. Ngati udzu ukukuchititsani mantha, malata pamwamba pa khoma la dothi amakhala bwinobwino. Chovuta chenicheni n'kupeza mmisiri wovomera kumanga mozungulira mtengo womwe waupeza pa puloti, chifukwa ambiri amafika atanola kale nkhwangwa.