Mafuwa atatu a boma

Tsiku lina ndikudikira minibasi pa Chitedze, mayi wina wogulitsa tomato anandifunsa kuti: "Bambo, kodi pulezidenti si mwini dziko? Nanga makhoti anamuposa bwanji mphamvu mu 2020?" Funsoli linandikhudza, chifukwa inenso kale ndinkayesa kuti boma ndi munthu mmodzi.

Taonani mafuwa pophika nsima. Amakhala atatu, ndipo mphika sungakhazikike pa fuwa limodzi. Boma nalonso lili ndi mafuwa atatu. Loyamba ndi Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, komwe aphungu athu amapanga malamulo ndi kuvomereza ndalama zoyendetsera dziko. Lachiwiri ndi pulezidenti ndi nduna zake ku Capital Hill. Iwowa ndiwo ogwira ntchito: kugula mankhwala, kulipira aphunzitsi, kukonza msewu wa ku Mchinji. Koma ndalama imene aphungu sanavomereze sayenera kuikhudza.

Fuwa lachitatu ndi makhoti. Awa sapanga lamulo. Amalitanthauzira, n'kuweruza ngati laphwanyidwa, ngakhale woliphwanyayo akhale wamkulu chotani. N'chifukwa chake pa 3 February 2020 oweruza asanu anathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019. Khoti la Supreme linagwirizana nawo, ndipo pa 23 June tinakavotanso.