Ndani ali m'kati mwa chilombo cha mu vidiyo?

Anyamata okonda vidiyo pa Dwambazi amakangana: kodi Darth Vader wa mu Star Wars ndi munthu kapena makina? Imani ndikuuzeni, abale anga.

Zovala za filimu ya 1977 ija adakonza ndi John Mollo, mpaka adapata nazo Oscar mu 1978. M'chigoba chakuda chija mudali chiphona David Prowse, koma mawu adali a James Earl Jones. Chigobacho chitavulidwa mu filimu ya 1983, nkhope idali ya winanso, Sebastian Shaw. Prowse thukuta lonse lija, nkhope yake osaoneka!

Kwathu kuno za kudambwe sitiulula, ulemu umapita kwa gule. Koma ku Hollywood nkhope ndiye ndalama. Ine ndikuti wobisika m'chigoba amalima, okolola ndi ena.