Kodi gulu la magazi limasintha?

Anzanga achinyamata, tsiku lina pa msonkhano wa kalabu yathu mnzathu wina anafunsa funso lomwe linatisowetsa chonena. Amalume ake anali a magazi a gulu A kuyambira kale, koma atadwala khansa ya m'magazi, powayeza kuchipatala magazi awo anaoneka ngati a gulu O. Kumudzi anthu anayamba manong'onong'o akuti kachilombo kawasintha magazi. Ine ndinapita kukafunsa kwa azaumoyo, ndipo ndinamva izi.

Magulu a magazi anawatulukira Karl Landsteiner mu 1901. Pamwamba pa maselo ofiira a magazi pamakhala tizizindikiro. Wina ali ndi chizindikiro A, wina B, wina zonse ziwiri, pomwe wa gulu O alibe A kapena B. Gululi timatengera kwa makolo.

Tsono khansa ya m'magazi, yomwe madokotala amati leukemia, imayambira m'mafuta a m'kati mwa mafupa, momwe magazi amapangidwira. Maselo opangidwa nthawi ya matendayi nthawi zina amatuluka ndi chizindikiro chofooka kapena chosaoneka n'komwe, ndiye A uja amaoneka ngati O. Madokotala a ku Netherlands analemba za zimenezi mu 1957. Matenda akachepa ndi mankhwala, chizindikiro chija chimatha kubwerera. Palinso odwala khansa ya m'matumbo a gulu A omwe mabakiteriya amasokoneza chizindikiro chawo mpaka kuoneka ngati B kwa kanthawi. Izi sizichitika kawirikawiri, ndipo n'chifukwa chake asanamuike munthu magazi amamuyezanso, sangodalira khadi lakale.

Nanga HIV? Kachilomboka sikasintha gulu la magazi. Iko kamalimbana ndi maselo oyera otchedwa CD4, asilikali a m'thupi aja. Zoona, pali khansa zina monga Kaposi zomwe zimakonda anthu amene chitetezo chawo chatsika, koma sikuti aliyense wa khansa ali ndi kachilombo. Amalume aja ananenedwa popanda umboni.

Ndiye pali bodza lina lija, loti a gulu O satenga HIV. Ndamvapo anyamata akudzitama nalo kubwalo la mpira, eti iwo kondomu ndi yosafunika. Aise, kachilombo sikafunsa gulu! Kuyeza gulu la magazi ndi kuyeza HIV ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ngati sunayezetse HIV, tiye tipitire limodzi kuchipatala, kuyezetsa ndi kwaulere m'zipatala za boma.